Ukwati wa achemwali sudadye mpamba

Abale anzanga a mumsika, inu odzuka tambala woyamba kukapikula tomato ndi kukadula mabelo, tandiuzani: ndi anzanu angati amene adavina Loweruka, pofika Lolemba benchi yawo n'kukhala pululu? Ine ndikudziwa atatu mu Limbe mokha muno. Mmodzi adagulitsa ndi malo ake omwe. Palibe mbala idawabera, palibe moto udawatenthera katundu. Udawagwetsa ndi ukwati wawo womwe.

N'chifukwa chake lero ndati ndikusimbireni za ukwati wa achemwali anga, womwe udachitika pa Mulanje Mission mu Seputembala 2024. Achemwaliwo ankagulitsa nanazi ndi nthochi pa Chitakale. Alamu anga amagulitsa kaunjika mumsika wa Limbe, ndipo chuma chawo chonse padziko pano chidali mabelo awiri. Ine, poti ndimadziwa kugwira cholembera, adandisankha kukhala mlembi wa komiti.

PEPALA LA K5 MILIYONI

Komiti idakumana koyamba mu Januwale 2024 ku Bangwe. Kumbukirani nyengo yake. Kwacha idali itagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenaka n'kugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Belo lililonse limachokera kunja, ndiye kwacha ikagwa, woyamba kumva kupweteka ndi wa kaunjika. Kumudzi nako anthu adali asadaiwale namondwe wa Freddy amene adagumula nyumba ndi kukokolola minda mu Malichi 2023.

Koma mu komitimo, ati! Mumvekere ngati tikukwatitsa mwana wa nduna. Uyu akuti holo ya m'tauni. Uyo akuti galimoto zisanu zofanana mtundu. Wina keke yosanjikiza kanayi, wina operekeza 12 mbali iliyonse, wina wojambula vidiyo. Ukwatiwo usadafike, pakhale chinkhoswe cha mu holo, bridal shower ndi send-off. Ine n'kumangolemba. Nditawonkhetsa, pepala lidati K5 miliyoni ndi zakumwamba.

Nditawerenga chiwerengerocho, m'nyumba mudati zii. Kenaka mayi wina adaseka nati, "Aaa, inu musaope. Zonsezo zidzabwerera pa perekani-perekani."

Amangwetu, bodza limeneli lagwetsa mabenchi ambiri. Inu nomwe mukudziwa mmene timachitira tikapita ku ukwati wa mnzathu. Timatenga K5,000 imodzi, kukaisinthitsa patebulo kukhala ma K50 ndi ma K100, n'kuvina nayo nyimbo zisanu. Lichero limadzaza ndithu, maso n'kukhuta, koma osungachuma akawerenga mulu wonsewo umakwanira m'thumba la shati. Ndi ndalama zomwezi zimene a Reserve Bank amadandaula nazo kuti tikuzing'amba poziponda m'maukwati. Munthu wanzeru sangamange bajeti pa ndalama imene ili m'thumba la mwini wake.

KATAPILA

Patapita milungu iwiri, alamu adandikokera kuseri kwa benchi yawo.

"Alamu, izi zikhale za awirife. Ndapeza munthu woti andibwereke K1 miliyoni. Akuti pakutha mwezi ndidzabweze ndi theka lake pamwamba. Chikole ndi malo angawa."

Ndidawafunsa kuti nanga zina zonsezo zichokera kuti. Adati agulitsa mabelo onse awiri osaodanso, adzayambiranso ukwati ukatha. Adalankhula akuyang'ana pansi. Munthuyu sadali wonyada ayi. Ankangoopa kuti akuchikazi adzati mwana wawo wakwatiwa ndi mphawi.

Usiku umenewo sindidagone. Chinsinsi adandisungitsa, koma amene akadzagona ndi njala ndi achemwali anga. Loweruka ndidakwera minibasi ya ku Mulanje, kukatula nkhani yonse kwa atsibweni athu, mwinimbumba, amene adapuma ntchito ku esiteti ya tiyi. Alamu adakhala mwezi wathunthu osandiyankha moni. Sindikuwadzudzula.

Atsibweni adaitanitsa ankhoswe a mbali zonse ziwiri. Tidakhala pansi pa mtengo wa mango, phiri la Mulanje lili poteropo. Iwo adatenga pepala langa lija, kuliyang'ana kutsogolo ndi kumbuyo, n'kutembenukira kwa alamu.

"Akamwini, kuno kwathu kwa Alomwe ndi Amang'anja sitilipiritsa chiwongo. Ng'ombe sitikufuna. Ndiye inu mwatani kuti mudzilipiritse nokha? Ine ndikufuna mwana wanga azidya mwezi wa Okutobala, wa Novembala ndi wa Disembala. Holo imeneyi adzaiphika?"

Anthu adaseka, alamu omwe. Pomwepo padakhazikitsidwa lamulo limodzi lokha: ndalama ya mpamba isakhudzidwe, ngongole isatengedwe. Chilichonse chimene sichikwanira m'thumba chichoke papepala.

CHIMENE CHIMAMANGA UKWATI

Tidayamba ndi kudzifunsa kuti kodi ukwati umamangidwa ndi chiyani. Lamulo la maukwati la 2015 limazindikira ukwati wa kwa DC, wa kumpingo, wa pachikhalidwe, ngakhalenso wa anthu amene akhalira limodzi nthawi yaitali mpaka khoti n'kuwavomereza, ndipo onsewa ndi ofanana mphamvu. Lamulo likufuna kuti onse awiri akhale atakwanitsa zaka 18 ndipo agwirizane mosakakamizidwa. Za keke ndi galimoto zisanu mulibemo.

Chinkhoswe tidachitira pakhomo pa mayi athu. Akuchimuna adabwera ndi tambala, ife tidapereka msoti. Mwamuna adalandira khasu ndi nkhwangwa, mkazi lichero, mthiko ndi chipande. Atsikana atatu adafunditsidwa zitenje kuti ankhoswe avundukule mpaka apeze mbeta yawo, anthu n'kumafa nazo nseko. Tidadya nsima ya nkhuku, basi chinkhoswe chatha.

Kumpingo nako njira yake ndi yodziwika. Tchalitchi cha CCAP cha pa Mulanje Mission, chomwe chili pansi pa Sinodi ya Blantyre, chidayambitsidwa ndi amishoni a ku Scotland zaka zoposa 100 zapitazo, ndipo agogo athu adamangitsira ukwati wawo pomwepo atayenda wapansi. Awiriwo adakaonekera kwa akulu a mpingo, adalandira chilangizo, ukwati udalengezedwa m'tchalitchi kuti wodziwa choletsa anene, ndipo adapereka zimene mpingo umafuna. Pa ndalama zonse za ukwatiwu, gawo la mtchatho ndi mphete ndilo lidali laling'ono zedi. Taonani nokha: chimene chimamanga banja n'chotchipa, chodula ndi chionetsero.

MMENE TIDADULIRA

Holo tidaifafaniza. Anyamata a m'mudzi adamanga chisakasa cha nsungwi pabwalo pathu, kufolera ndi matenti obwereka. Mipando tidapempha kwa anansi, ana n'kukhala pamphasa. Mmalo mwa maluwa a pulasitiki, atsikana adathyola a m'mipanda m'mawa wa tsikulo.

Chakudya ndicho chidatiopsa. Chaka cha 2024 chidali cha ng'amba ya El Niño, moti mu Malichi Pulezidenti Lazarus Chakwera adalengeza kuti maboma 23 ali pa ngozi ya njala. Nkhokwe za kwathu sizidadzaze. Choncho sitidadikire sabata ya ukwati. Mbuzi ziwiri tidagula zikadali zazing'ono mu Febuluwale, mwana wa atsibweni n'kumaziweta. Mpunga tidagula nthawi yokolola, usadakwere mtengo. Khomo lililonse la mbumba yathu lidapereka nkhuku imodzi, zidakwana 17. Nandolo adachokera m'munda mwa mayi, nanazi pa benchi ya mkwatibwi mwini. Shuga chaka chimenecho ankasowa m'mashopu, ndiye tinkagula paketi imodzi imodzi tikampeza, kusungira thobwa. Makireti a zoziziritsa kukhosi tidangogula atatu, a patebulo lapamwamba. Ophika adali amayi a Mvano anzawo a mayi athu, amene mayi nawo adawaphikirapo pa maukwati a ana awo. Mutu umodzi susenza denga.

Diresi ndi velo tidachita kubwereka kwa tsiku limodzi. Operekeza adatsika kuchoka pa 24 kufika pa anayi, zovala zawo za chitenje chimodzi adasoka telala wa pa Chitakale. Nanga suti ya mkwati? Idatuluka m'belo lake lomwe! Adaiona podula belo mu Juni, adaiika padera, n'kulipira mtengo wake m'kabuku ka bizinesi ngati kasitomala wina aliyense. Itachapidwa ndi kusitidwa, palibe adadziwa.

Galimoto idali imodzi, ya mnzawo wa alamu, ife tidangothira mafuta. Anzawo a mumsika wa Limbe adasonkherana okha n'kuchita hayala minibasi. Zithunzi adajambula mnyamata mmodzi kwa maola atatu, zina zonse mafoni a anthu.

Ndalama yake idachokera ku chipereganyu cha alamu, magawo a achemwali ku banki m'khonde ndi zopereka za abale. Tidaisunga pa nambala ya foni yapadera imene ankagwira msungichuma wa komiti, kuti isasakanikirane ndi ya malonda. Amalondanu mukudziwa: ndalama ziwiri zikalowa m'thumba limodzi, yopepuka miyendo imanyamula inzake.

MISOZI IDALIPO

Ndisakunamizeni kuti zonse zidali zokoma. Tsiku limene bridal shower idachotsedwa papepala, achemwali adalira. Iwo adali ataperekapo pa ma shower a anzawo zaka zisanu, kugula yunifolomu ya chitenje nthawi iliyonse, ndipo ankaona ngati nthawi yawo yokolola yakwana. Adandiuza maso ali psuu kuti, "Achimwene, inu mwandichotsera tsiku langa." Ndidasowa choyankha, chifukwa mbali ina ankanena zoona. Mapeto ake anzawo a pa Chitakale adabwera okha Lamulungu lina masana ndi mapoto, mbale ndi ndowa, kukhala pakhonde, kumulangiza mnzawo akumwa thobwa. Holo panalibe, khadi panalibe, koma ziwiya zidafika.

Azakhali a alamu, okhala m'tauni, adakwiya kotheratu. Adati sangavale nsapato zawo kukaponda fumbi la ku tiyi, ndipo sadabweredi. Mawu amenewo adafika m'makutu mwa mayi athu, adawapweteka.

Pa tsikulo nazo zidatichitikira. Tidakonzera anthu 200, koma ukwati wa kumudzi suona khadi. Mudzi wonse udakhamukira pabwalo, mpunga n'kutha anthu ena asadalandire. Amayi aja sadatekeseke: adatereka madzi, kuphika nsima ya mgaiwa, nandolo n'kutipulumutsa. Cha m'ma 3 koloko masipika obwereka adangoti zii, kufa. Ine thukuta lili kamukamu. Posakhalitsa wina adatulutsa ng'oma, nthungululu zidalira, agogo ena n'kudumphamo masitepe a tchopa. Perekani-perekani adapitirira ndi ng'omazo mpaka dzuwa kupendeka.

MASAMU AKE

Usiku tidakhala pansi ndi msungichuma. Zonse, kuyambira chinkhoswe mpaka mafuta a galimoto, zidadya K1.3 miliyoni. Perekani-perekani, ndi chinamtindi chonse chija, adatulutsa K780,000. Tsono tengani chiwerengero chimenechi muchiike pambali pa pepala lija la K5 miliyoni, muwonjezere wa katapila akugogoda pakhomo. Alamu adayang'ana manambalawo nthawi yaitali, kenaka adandigwira dzanja osanena kanthu. Moni wathu adabwerera tsiku limenelo.

Popeza panalibe ngongole yobweza, ndalama ya perekani-perekani idalowa mu bizinesi. Lachitatu lotsatira alamu adali pa benchi yawo, akuitanira makasitomala.

Phindu lenileni tidaliona patapita miyezi isanu. Mu Febuluwale 2025 mitengo ya mabelo idakwera modetsa nkhawa chifukwa cha kusowa kwa ndalama zakunja, mpaka amalonda a kaunjika adachita zionetsero kukafika ku Nyumba ya Malamulo ku Lilongwe. Ambiri a inu mudalipo, kapena mudatseka mabenchi masiku amenewo. Alamu nawo adagwedezeka, adachepetsa katundu, koma sadagwe. Akadakhala kuti mpamba adauvinira mu Seputembala, bwenzi pano tikukamba zina.

Sindikuti musavine, abale. Ukwati ndi chisangalalo, ndipo amene ali nazo achite holo yakeyo, tidzabwera kudzadya. Koma iwe mnzanga wa tomato, wa usipa, wa kaunjika, komiti isadakumane uyambe wawerenga mpamba wako, uutsekere kutali. Ulembe papepala ndalama yokhayo imene ili m'manja, ya perekani-perekani usaiwerengere. Ugule zosaonongeka nthawi yokolola. Ndipo mu komiti usankhemo munthu mmodzi wosaopa kunena kuti ayi, chifukwa ofuula kuti "galimoto zisanu" Lolemba sudzawaona.

Azakhali aja adabwera chaka chatha kudzaona mwana woyamba wa banjali, atanyamula chitenje ndi sopo. Za fumbi la ku tiyi sadatchulenso, ife sitidawakumbutse. Pobwerera adadzera pa benchi ya alamu, kusankha bulauzi ziwiri, n'kupempha kuti adzalipire pakutha pa mwezi.