Patani ya magolovesi iyambire pa dzanja la mwini wake

M'mayiko ozizira a kumpoto kwa Ulaya muli mtundu wa magolovesi oluka amene sagawa zala. Chala chachikulu chili ndi kathumba kakekake, pamene zala zinayi zotsalazo zimakhalira limodzi n'kumafunditsana, ndipo n'chifukwa chake chisanu sichilowa msanga monga chimachitira m'magolovesi a zala zisanu. Anthu ambiri akaona nyenyezi ndi maluwa olukidwa pamenepo amayesa kuti patani yake ndi yosakhudzika, yoyenera kukopera m'buku osaphonya sititchi ngakhale imodzi. Maganizo amenewa ndi olakwika. Woluka aliyense wodziwa kuchulukitsa ndi kugawa manambala angathe kudzipangira patani, ndipo yodzipangirayo ndi imene imakwana bwino dzanja.

Mbiri ya luso lomweli ikuchitira umboni. Ku Selbu, m'dziko la Norway, m'chaka cha 1857 mtsikana wina dzina lake Marit Emstad analuka magolovesi a ulusi wakuda ndi woyera n'kupita nawo kutchalitchi. Nyenyezi ya nsonga 8 imene lero ikudziwika kuti selburose inalipo kale pa nsalu zamakedzana. Chatsopano ku Selbu chinali kuilowetsa m'zoluka za m'manja. Amayi a m'deralo atatengera lusolo, aliyense ankasintha pang'ono malinga ndi ulusi wake ndi dzanja la womulukira, moti buku la Anne Bårdsgård linasonkhanitsa mapatani oposa 500 a ku Selbu. Ku Latvia, kumene mkwatibwi ankaluka magolovesi ambirimbiri oti agawire akuchimuna pa ukwati, zinthu zili chimodzimodzi. Pamene msonkhano wa NATO unachitikira ku Riga mu 2006, alendo anawakonzera mapeya 4,500 oluka pamanja, a mapatani osiyanasiyana a m'zigawo za dzikolo. Zimene lero tikuzitcha mwambo zinachokera kwa anthu wamba amene ankayesa zawozawo.

Ntchito yeniyeni imayamba ndi tepi, cholembera chisanagwiridwe. Woluka ayeze kuzungulira chikhatho pamene zala zimayambira, osawerengera chala chachikulu, kenako kutalika kuchokera polumikizira dzanja ndi mkono mpaka kunsonga ya chala chapakati. Akatero aluke kachidutswa koyesera ndi ulusi womwewo, singano zomwezo ndi mitundu yomweyo imene adzagwiritse ntchito, akachape, kaume, ndiyeno awerenge masititchi amene akwana pa masentimita 10. Apa m'pamene ambiri amachita ulesi, chonsecho patani yonse yatsamira pa nambala imeneyi. Tinene kuti chikhatho chazungulira masentimita 20 ndipo kachidutswako kaonetsa masititchi 30 pa masentimita 10. Ndiye kuti pakufunika masititchi 60. Tsono ngati kaluwa kofuna kubwerezedwa kuzungulira golovesi kali ndi masititchi 8, nambala ya 60 siigawika. Woluka asankhe: akwere kufika pa 64, golovesi ikule kupitirira pang'ono masentimita 21, kapena atsike kufika pa 56, ichepe kufika pafupifupi masentimita 19, apo ayi ajambule kaluwa ka masititchi 6, 10 kapena 12. Pa zoluka za mitundu iwiri kukwera n'kwabwino kuposa kutsika, chifukwa nsalu yotere siitamuka kwambiri ndipo golovesi yothina imatsekereza magazi, dzanja n'kuzizira msanga.

Kujambula kumachitikira pa pepala la timabokosi, lomwe lija la m'makope a masamu, kabokosi kamodzi kuimira sititchi imodzi. Koma si chilichonse chokongola papepala chimene chimavalika. Poluka ndi mitundu iwiri, ulusi umene sukuoneka umadutsa kumbuyo, ndipo ukadumpha masititchi oposa 5 kapena 6 osaukola, umasanduka msampha wa zala ndi mphete. Oluka a ku Selbu anathana nazo mwanzeru: nyenyezi yaikulu amaiika kuseri kwa dzanja, pachikhatho amaikapo timadontho tating'onoting'ono tobwerezabwereza, ndipo mbali ziwirizi amazilekanitsa ndi kamzere m'mphepete. Timadonthoto timachititsa kuti ulusi wakumbuyo ukhale waufupi ndi wolimba pamalo amene amagwira nkhwangwa kapena chingwe. Ulusi wodutsa kumbuyowo ulinso ndi phindu lake, chifukwa umakhuthalitsa nsalu. Chala chachikulu nacho chimafuna chisankho. A ku Selbu amawonjezera masititchi pang'onopang'ono kuchokera m'munsi mwa chikhatho kuti chalacho chipeze malo, pamene a ku Latvia nthawi zambiri amangosiya mpata pachikhatho n'kudzalukapo chala pomaliza. Njira yachiwiriyi ndi yosavuta ndipo sisokoneza maluwa, koma dzanja lonenepa m'tsinde mwa chala limamasuka bwino m'njira yoyambayo. Ndipo popeza chalacho chimakhala chakuchikhatho, golovesi yamanja ndi yamanzere ziyenera kujambulidwa moyang'anizana.

Wina anganene kuti patani ya m'buku inayesedwa kale ndi akatswiri, nanga kudzivutitsiranji. Mfundoyi ili ndi mphamvu, makamaka kwa amene akuluka golovesi yake yoyamba. Ameneyo atsatiredi patani yolembedwa kuti aone mmene zigawo zimalumikizirana. Koma mlembi wa patani anayesa ndi ulusi wake, singano zake ndi kamangidwe ka manja ake. Anthu awiri atapatsidwa ulusi umodzi, wina amaluka mothina, wina motayirira. Choncho wotsatira buku naye sangathawe kachidutswa koyesera, ndipo nambala yake ikasiyana ndi ya mlembi, ayenera kuwerengetsa yekha. Akafika pamenepo ndiye kuti wayamba kale kupanga patani yake. Palinso manja amene mabuku sawaganizira: a nkhalamba zotupa m'mfundo, a zala zazifupi pa chikhatho chotambalala, a mwana amene akukula mwezi ndi mwezi.

Enanso angafunse ngati nkhaniyi ili ndi ntchito kwathu kuno, kumene chipale chofewa sichigwa. Amene anakwerapo njinga m'mamawa ku Dedza mwezi wa Juni, kapena m'bale wathu wodikira basi kusanache ku Johannesburg kapena ku Leeds, sangafunse choncho. Chosiyana ndi ulusi. M'misika mwathu wulu wopezeka kwambiri ndi wa akiliriki, wokhuthala kuposa ubweya wa nkhosa wa ku Norway ndi ku Latvia, ndipo patani yolembedwera ulusi wopyapyala ikalukidwa ndi wulu wotere imatulutsa thumba lokwana manja awiri. Mayi amene amaluka kale zipewa ndi timasokosi ta makanda akapeza masititchi 20 pa masentimita 10, chikhatho cha masentimita 20 chidzafuna masititchi 40 okha, kuseri kwa dzanja kudzatsala 20, ndipo nyenyezi yake aijambule yaing'ono yokwana m'malo amenewo.