Kumanga Nsanja Yosungirapo Zokolola Pamitanda Yachitsulo

Cholinga cha phunziro

Pakutha pa phunziroli, aliyense athe kuwerengera kulemera kwa katundu amene akufuna kusunga pansanja, ndi kudziwa zofunika kuonetsetsa mmisiri asanayambe ntchito.

Chifukwa chiyani chitsulo?

Kuno ku Neno, kaya ndi kumapiri kwa Dambe kapena kuchigwa ku Lisungwi, mitengo yowongoka komanso yokhwima ikusowa, ndipo chiswe sichichedwa kudya milimo. N'chifukwa chake magulu ena a alimi akuganiza zoika mitanda yachitsulo m'nyumba zosungiramo zokolola, kuti pamwamba pakhale nsanja ya chimanga, nandolo kapena mbewu ya mbatatesi, pansi pakhale zipangizo. Chiswe sichidya chitsulo, koma chitsulo choikidwa molakwika chimapindika, ndipo nsanja ikagwa imaononga chakudya cha chaka chonse, mwinanso kupha munthu amene ali pansi.

1. Yambani ndi kuwerengera katundu

Thumba limodzi la chimanga limalemera makilogalamu 50. Matumba 40 ndi makilogalamu 2,000, kapena kuti matani awiri. Onjezanipo kulemera kwa matabwa ndi kwa anthu awiri okweza matumba. Chiwerengerochi chilembeni, ndipo ndi chimene mupite nacho kwa mmisiri. Musamuuze kuti "tiikapo timatumba pang'ono", chifukwa chaka cha zokolola zambiri mudzafuna kusanjikiza mpaka kudenga.

2. Mpata ukhale waufupi

Chimene chimafooketsa mtanda kwambiri ndi kutalika kwa mpata kuchokera pomwe wakhazikika mbali ino kufika mbali inayo. Mukatalikitsa mpata kuchoka pa mamita 3 kufika pa mamita 6, n'kusanja matumba mofanana pa mita iliyonse, mtanda womwewo umapindika kuwirikiza ka 16. Choncho mzati umodzi pakati, woimikidwa pa maziko a konkire, umathandiza kuposa kugula chitsulo chachikulu chodula.

3. Sankhani chitsulo choyenera

Zitsulo zoyenera ndi I-beam, imene kumapeto kwake imaoneka ngati chilembo I, kapena chanelo yokhuthala. Mphamvu ya zitsulozi ili m'kutalika kwa msana wake, motero ziikidwe choimirira, osati chogona. Zitsulo zozungulira zimene amaika m'kati mwa konkire si mitanda: pazokha zimapindika msanga. Mapaipi opyapyala opangira mafelemu a mawindo nawonso sangasenze matumba. Kukula kwenikweni kwa chitsulo kusankhidwe ndi wodziwa zomangamanga. Alangizi athu angatilumikize ndi a zomangamanga ku khonsolo ya boma la Neno.

4. Pokhazika mtanda

Kulemera konse kumathera kunsonga za mtanda. Khoma la zidina kapena la njerwa zomangira dothi limang'ambika pamalo amenewa. Mangani zipilala za njerwa zootcha ndi simenti, pamwamba pake muikepo konkire. Nsonga iliyonse igone pakonkirepo masentimita osachepera 15, ndipo imangidwe ndi mabauti kuti isasunthe kapena kugubuduka. Musakhazike mtanda pamwamba pa chitseko kapena windo. Wowotcherera asadule kapena kuboola milomo ya mtanda, ndipo ngati pali polumikiza, pakhale pamwamba pa mzati, osati pakati pa mpata.

5. Tetezani ku dzimbiri

Mdani wa chitsulo ndi chinyezi. Chipaleni ndi burashi yawaya, pakani penti ya red oxide, kenako penti yamafuta, musanachikweze. Feteleza amadya chitsulo, choncho asasungidwe pansanja kapena kutsamira mzati. Mkodzo wa mbuzi umachitanso chimodzimodzi. Kumapiri, m'miyezi ya Juni ndi Julaye, chitsulo chimachita thukuta m'mawa, ndiye matumba agone pamatabwa, asakhudze chitsulo. Siyani timipata pakati pa matabwa kuti mpweya uzidutsa.

6. Kasanjidwe ka matumba

Yalani matumba mofanana pansanja ponse, olemera kwambiri akhale chakufupi ndi zipilala. Musaunjike pakati, ndipo musaponye thumba pansanja. Lembani pakhoma ndi penti chiwerengero cha matumba amene mmisiri wavomereza, kuti aliyense wa m'gulu azichiona.

Tiyesere limodzi

Tengani thabwa lopyapyala ndi njerwa zingapo. Ligonekeni pa njerwa ziwiri zotalikirana, muike njerwa imodzi pakati, muone mmene lapindikira. Kenako ikani njerwa ina pansi pake chapakati ngati mzati. Pomaliza liimikeni cham'mbali, wina aligwirize, muikenso njerwa ija. Kambiranani zimene mwaona.

Nsanja ikatha, kokani chingwe pansi pa mtanda kuchokera kunsonga kufika kunsonga, musanaike matumba komanso mutaika. Pa mpata wa mamita 3.6, mtanda usatsike kupitirira sentimita imodzi. Ukapitirira, kapena mukaona ming'alu pachipilala, tsitsani matumba tsiku lomwelo ndipo muitane mmisiri.

Mafunso okambirana

1. Gulu lathu limakolola matumba angati chaka chabwino, ndipo ndi makilogalamu angati?
2. Makoma a nyumba yathu ndi omangidwa ndi chiyani? Angasenze nsanja?
3. Ndani aziyendera nsanjayi mvula isanayambe komanso tisanaike zokolola?