Benchi ndi sukulu: phunzitsani mtsikana kupikula

Mukayenda m'misika ya Limbe, Ndirande, Zomba, Mzuzu kapena Wakawaka ku Lilongwe, muona kuti pamabenchi a tomato, usipa, nyemba ndi ndiwo zamasamba pamachuluka amayi. Pambali pa mayi wokhazikika pa geni nthawi zambiri pamakhalanso mtsikana: mwana wa mchemwali, mdzukulu kapena waganyu. Ntchito yake ndi kupukuta tomato, kuunjika milu, kuitanira makasitomala ndi kusesa madzulo. Ena amatha zaka pabenchipo osadziwa kuti dengu lagulidwa kwa ndani, pamtengo wanji, ndipo likupindula zingati.

Apa mpamene geni zambiri zimafera. Mwini benchi akadwala, kapena akapita kukadikirira matenda kuchipatala kwa milungu iwiri, mtsikana uja amagulitsa zomwe zilipo, katundu akatha n'kupinda manja. Mayi pobwera amapeza mpamba wadyedwa, makasitomala asamukira pabenchi loyandikana. Choncho kuphunzitsa wokuthandizani ndi njira yotetezera mpamba wanu womwe.

Mutengeni kopikula

Kugulitsa aliyense amatha. Nzeru ya geni ili popikula, ndipo siphunziridwa pongouzidwa. Tsiku lina mudzuke naye mbandakucha, mupite limodzi ku Lizulu, Jenda kapena Tsangano, kapena pamalo pomwe malole amatsitsira katundu m'tauni mwanu. Aone momwe mumapisira dzanja mpaka pansi pa dengu, poti tomato wamkulu amayalidwa pamwamba. Amve momwe mumanenerera mtengo, komanso aone nthawi yomwe mumachokapo osagula.

Mumuuzenso za nyengo. Tomato amakwera mtengo m'dzinja chifukwa mvula imabweretsa matenda m'munda, ndipo amatsika wa kudimba akapsa. Chimanga ndi nyemba zimatsika pokolola, n'kukwera mu Januwale ndi Febuluwale. Usipa umasowa mwezi ukamawala, poti asodzi amauitana ndi nyali usiku wamdima, komanso mphepo ya mwera ikavuta panyanja miyezi yozizira. Wodziwa zimenezi sadabwa mtengo ukasintha, amakonzekeratu.

Chachikulu, mumuonetse kwa opikulitsa anu. Mawu oti "uyu ndi wanga, akabwera muzimupatsa ngati ndabwera ndine" amatsekula khomo lomwe mtsikanayo payekha angagogode zaka zambiri.

Mutsekulireni kope

Amayi ambiri amabisa kope la mawerengero poopa kuberedwa. Komatu wosadziwa mawerengero ndiye amakulowetsani pansi mosadziwa, pochulutsa basela kapena kukongoza aliyense womwetulira. Mukhale naye pansi madzulo, mulembe zonse: mtengo wopikulira, thiransipoti, wonyamula katundu, tiketi ya khonsolo, majumbo, chakudya chamasana ndi zowola. Chotsala mukachotsa zonsezi ndiye phindu.

Pali phunziro lina lomwe amalonda ambiri adaliphunzira ndi misozi mu Novembala 2023, ndalama ya kwacha itagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti. Omwe adapitiriza kugulitsa potengera mtengo womwe adapikulira kale adapeza kuti ndalama yonse ya belo lathunthu la kaunjika sikukwanira kugula belo lina. Mtsikana wanu adziwe kuti mtengo wogulitsira umatengera zomwe mudzalipire popikula mawa.

Akazolowera, mupatseni dengu limodzi kapena beseni la usipa kuti aliyendetse yekha, kuyambira kupikula mpaka kuwerengera. Akaluza pang'ono, musamukalipire pamaso pa makasitomala. Funsani modekha kuti ndalama yathawira pati. Malipiro ake akhalenso odziwika bwino, ngakhale ali mbale wanu, kuti azitha kusunga kangachepe koyambira geni yake.

Ena amati ukaphunzitsa mwana mawa adzakulanda makasitomala. N'zoona kuti tsiku lina adzafuna benchi lake, ndipo mudzamulole apite mwamtendere. Amayi awiri ogwirizana amagawana mtengo wa galimoto, amapikula zambiri pamtengo wotsika, ndipo wina akachokapo mnzake amamuyang'anira katundu. Paja mutu umodzi susenza denga.

Kuchoka pabenchi kupita kukomiti

Zambiri zokhudza geni yanu zimagamulidwa mukomiti ya msika: kagawidwe ka malo, alonda, zimbudzi, madzi, kuchotsa zinyalala, komanso zokambirana ndi khonsolo pa nkhani ya matikiti. Chisankho chikafika, m'misika yambiri amayi amapatsidwa udindo wa msungichuma poti ndi okhulupirika, koma mpando waukulu n'kupita kwa abambo. Mapeto ake madandaulo a amayi, monga kusowa kwa madzi kuchimbudzi kapena kukhala padzuwa ndi mwana kumbuyo, amakambidwa pomalizira, anthu atayamba kale kubalalika.

Poyeserera utsogoleri palipo kale. Banki m'khonde, yomwe bungwe la CARE lidaiyambitsa m'dziko la Niger mu 1991, ili ndi maudindo angapo: wapampando, mlembi, wosunga bokosi, owerenga ndalama ndi osunga makiyi. Gulu lanu likagawana masheya n'kuyamba chaka china, musabwezere anthu omwewo pamaudindo onse. Ikanipo mtsikana mmodzi ngati mlembi kapena wowerenga ndalama. Amene waphunzira kuyendetsa msonkhano wa anthu 20, ndi kulondola ngongole popanda kuyambanitsa anthu, sangachite mantha kuyankhula pamaso pa akuluakulu a khonsolo.

Lamulo loona za kusasiyana pakati pa amuna ndi akazi, lomwe lidakhazikitsidwa mu 2013, limati polemba ntchito m'boma amuna kapena akazi asachepere 40 pa anthu 100 alionse. Gawo limeneli limakamba za ntchito za boma, koma palibe choletsa amalonda kulemba muyezo womwewo m'malamulo a komiti yawo. Lamulo lomweli limaletsa kuvutitsa munthu pofuna kugona naye. Mtsikana wanu adziwe kuti wofuna thupi lake posinthana ndi malo amsika akulakwira lamulo, ndipo inu mukhale woyamba kumuperekeza kukadandaula.

Kukwera kuchokera m'magulu a amayi ochita malonda n'kotheka. Mayi Joyce Banda adayambitsa bungwe la National Association of Business Women, lothandiza amayi a mabizinesi ang'onoang'ono, zaka zambiri asadalowe m'boma, ndipo mu 2012 adakhala mtsogoleri woyamba wamkazi wa dziko la Malawi.

Sabata ino yambani ndi chimodzi: patsiku lopikula, mtsikanayo akwere nanu galimoto, ndipo ndalama ya dengu loyamba aipereke ndi dzanja lake. Chisankho cha komiti chikayandikira, amayi a mzere wanu mukumane usadafike msonkhano, mugwirizane dzina limodzi la pampando waukulu, ndipo patsikulo musasiyire ena kukuvoterani chifukwa chokakamira pabenchi.