Chigafa Chamoyo ndi Luso la Kumanga Mosaononga

Mwezi wa Febuluwale ukafika, mlimi wa fodya wa bale ku Kasiya, m'boma la Lilongwe, amakhala ndi nkhaŵa ziŵiri: fodya wakhwima m'munda, ndipo chigafa chikufuna mizati. Mizati imene adadzika zaka ziŵiri kapena zitatu zapitazo yadyedwa ndi chiswe, pamene nkhalango zimene makolo ankadulamo mitengo zidasanduka minda kalekale. Mtengo umene kale unali waulere lero ngwogula, ndipo umadya phindu la fodyayo asanafike nkomwe ku msika wa okushoni ku Kanengo.

Komatu chigafa chomwecho chili ndi phunziro lalikulu. Chimamangidwa m'zigawo zofanana: mizati ya mphanda m'mizere, mitanda pamwamba pake, mikangala yopachikapo fodya, ndi denga la udzu. Zokolola zikachuluka, mlimi amangoonjezera chigawo. Zikachepa amaphwasulako, mitengo yolimba namangira khola kapena nkhokwe, ndipo udzu wakale umaolerana nusanduka manyowa. Palibe chotayika.

Nzeru yomweyi ndiyo akatswiri a zomangamanga m'maiko ambiri akuilimbikitsa masiku ano: nyumba ipangidwe m'zigawo za muyezo umodzi, zolumikizidwa mwa njira yoti nkumasula, kuti ikatha ntchito zipangizo zake zikamangire ina. Si nzeru yachilendo ai. M'chaka cha 1851 Joseph Paxton adamanga nyumba yaikulu ya zitsulo ndi magalasi yotchedwa Crystal Palace mu mzinda wa London. Chionetsero chimene adaimangira chitatha, adaiphwasula nakaimanganso ku Sydenham, kumene idatsekulidwa m'chaka cha 1854.

Chilema cha chigafa chathu nchimodzi, ndicho mzati wakufa. Kaamba ka ichi bungwe la ARET pamodzi ndi makampani ogula fodya akhala akuphunzitsa alimi za chigafa chamoyo. Mlimi amabzala mitengo yokula msanga, monga keshya, m'mizere yoongoka pa malo pomwe payenera kuima mizati. Pakapita zaka zitatu kapena zinai, mitengoyo imasenza mitanda ndi denga ili chiimire ndi mizu yake. Nthambi zimene amasadza chaka ndi chaka zimapereka mikangala ndi nkhuni, ndipo masamba oyoyoka amabwezera chonde m'nthaka. Chovuta chake nchakuti mbande zimafuna kuzitchinjiriza ku mbuzi ndi moto wolusa, ndiponso mwini wake ayenera kudekha, pakuti phindu silioneka chaka choyamba.

Nayo nyumba yogonamo imadya mitengo, popeza uvuni wa njerwa umatha nkhuni zambiri ndi kusiya maenje m'mbali mwa madambo. M'chaka cha 2018 boma, kudzera m'bungwe la National Construction Industry Council, lidaletsa njerwa zootcha ndi nkhuni pomanga nyumba za boma, za mabungwe ndi za malonda. M'malo mwake muli mabuloko a simenti ndi njerwa za dothi losakaniza ndi simenti pang'ono, zopsinjidwa m'makina ndi kuumitsidwa popanda moto. Zina mwa njerwazi zili ndi mano olumana, kotero kuti khoma limatha kuphwasulidwa njerwa zambiri zili zamphumphu.

Tsono apa mpamene pali danga la achinyamata otsiriza sukulu. Nazale ya mitengo, kuumba njerwa zosaotcha, ndi kupala zitseko ndi mafelemu a muyezo umodzi ndi ntchito zimene munthu angayambe ali pamudzi. Aphunzitsi nawo angathe kubzala chigafa chamoyo m'munda wa sukulu, ana naphunzirapo kuyeza ndi kuŵerengera mipata. Mwana amene aoka mbandezo ali mu Sitandade 5 adzakhala pa mthunzi wake asanalembe mayeso a Sitandade 8.