Msonkho ndi Wamalonda Wamng'ono: Gawo Lachiwiri

M'mera mpoyamba. Chaka ndi chaka anyamata ndi atsikana amatsiriza Fomu 4, ndipo poona kuti ntchito zolembedwa nzosowa, ambiri amatsegula golosale, shopu yosokera zovala kapena malo ometera. Ambiri mwa iwo amadziwa kugula ndi kugulitsa, koma za msonkho amazimva tsiku limene kalata yafika. Mphunzitsi amene afotokozera ophunzira ake nkhani imeneyi asanatuluke sukulu, wawapatsa mpamba woposa ndalama.

Msonkho si chinthu chachilendo m'dziko muno. M'zaka za m'ma 1890 boma la atsamunda, pansi pa Harry Johnston, linakhazikitsa msonkho wa nyumba, ndipo amuna ambiri ankapita kukagwira ntchito m'minda ya azungu kuti apeze masheleni olipirira. Msonkho wotere sunkayang'ana ngati munthu wapeza zambiri kapena zochepa. Misonkho ya masiku ano imatsata zimene munthu wapata ndi zimene wagula. Imatoleredwa ndi bungwe la Malawi Revenue Authority, limene linayamba ntchito m'chaka cha 2000, ndipo likulu lake lili ku Msonkho House mumzinda wa Blantyre. Chiphaso cha pamsika ndi laisensi ya malonda nzosiyana ndi misonkhoyi, pakuti zimenezo sizipita ku bungweli.

Phunziro loyamba ndi la msonkho wa pa zimene munthu amapeza. Mphunzitsi amaudziwa bwino, chifukwa wake umadulidwa mwezi ndi mwezi malipiro asanafike m'manja, mwa njira yotchedwa PAYE. Wamalonda alibe womudulira. Ayenera kudziwerengera yekha. Apa mpamene ambiri amasokonezeka, poganiza kuti ndalama zonse zolowa m'kabati ndi phindu.

Taganizirani mnyamata amene pa chaka wagulitsa katundu wa K6,000,000. Katunduyo anamuoda pa K4,500,000. Lendi ya shopu inadya K360,000, mayendedwe okaoda K240,000, ndipo womuthandiza kugulitsa analandira K300,000. Zonsezi zikachotsedwa, patsala K600,000. Phindu lake ndi limeneli, ndipo msonkho wa pa zopeza umawerengedwa pamenepa. Koma shuga amene anatengera mayi ake kunyumba, kapena fizi ya mng'ono wake, sizichotsedwa, pakuti sizinathandize kubweretsa phindulo. Mwa lamulo, gawo loyamba la zopeza za munthu silidulidwa kanthu, ndipo mlingo umakwera pamene zopezazo zikukwera. Kwa amalonda aang'ono kwambiri pali njira ina yapafupi, imene imayang'ana kuchuluka kwa zogulitsa zawo pa chaka.

Phunziro lachiwiri ndi la msonkho wa pa zogula, umene ambiri amaudziwa ndi dzina lakuti VAT. Unalowa m'malo mwa surtax m'chaka cha 2005. Wolipira weniweni wa msonkho umenewu ndi wogula wotsiriza. Wamalonda ndi mtumiki chabe wotolerera boma. Kwa zaka zambiri kuyambira 2008 mlingo wake unali K16.50 pa K100 iliyonse, ndipo chitsanzo chotsatirachi chikutsata mlingo umenewo.

Mayi wina wolembetsa VAT waoda sopo wa K100,000, ndipo walipira VAT ya K16,500 pamwamba pake. Sopoyo wamugulitsa pa K130,000, natolera VAT ya K21,450 kwa ogula. Pakutha pa mwezi achotsa zimene analipira pa zimene watolera, ndipo K4,950 yotsalayo ndiyo ipita ku boma pofika pa 25 mwezi wotsatira. Wophunzira wochenjera aona msanga kuti K4,950 ndi msonkho wa pa K30,000 imene mayiyo anaonjezera pa mtengo. Tsoka limagwa pamene K21,450 ija yasakanizika ndi mpamba nkuoderedwa katundu wina. Tsiku lolipira likafika ndalama palibe, ndipo pa ngongoleyo pamaonjezeka chindapusa ndi chiwongoladzanja. Madzi akatayika saoleka.

Si wamalonda aliyense amene amatolera VAT. Lamulo limaika malire a zogulitsa pa chaka, ndipo amene wapyola malirewo ndiye ayenera kulembetsa. Wosalembetsa saloledwa kulipiritsa ogula VAT, ndiponso sangaitanitse imene analipira pooda. Kwa iye imeneyo ndi gawo la mtengo wa katundu. Zinthu zina, monga chimanga chosagaya, sizikhala ndi msonkho umenewu. M'chaka cha 2014 bungwe lotolera misonkho linalamula olembetsa VAT kuyamba kupereka malisiti otuluka m'makina otchedwa EFD, kuti malonda alionse azidziwika. Kotero wogula amene aitanitsa lisiti amathandiza kuti ndalama imene walipira ifikedi ku boma.

Nanga mphunzitsi angaphunzitse bwanji zimenezi popanda buku lapadera? Zipangizo zake zili pafupi. Ophunzira atole malisiti akale a m'masitolo, apeze pamene palembedwa VAT, nayese ngati masamuwo ali olondola. Kenaka kalasi ligawidwe patatu: ena akhale oodetsa, ena ogulitsa, ena ogula, ndipo pa bolodi aone m'mene msonkho ukuyendera kuchokera dzanja lina kunka ku lina. Potsiriza aliyense ajambule mizere m'kope, mbali ina ya zolowa, ina ya zotuluka, nalembe malonda ongoyerekeza a sabata imodzi. Mwana amene wachita zimenezi saonanso maperesenti ngati chilango cha mayeso.

Kope limenelo ndilo mboni ya wamalonda. Amene alibe zolemba sangatsutse pamene ofesala wa msonkho amuyerekezera phindu loposa limene anapeza. Amene ali nazo, pamodzi ndi nambala yake ya msonkho yotchedwa TPIN, angathe kupikisana nawo pogulitsa katundu kusukulu, kuchipatala kapena kumakampani, kumene nambalayo imafunsidwa. Ngakhale kubanki, wopempha ngongole amamveka msanga akaonetsa mabuku ake.

Milingo ndi malire a misonkho amasintha, kawirikawiri pamene nduna ya zachuma yapereka ndondomeko ya chuma ku Nyumba ya Malamulo. Chifukwa chake mphunzitsi aphunzitse njira yowerengera, ndipo wamalonda azifunsa milingo ya chaka chimenecho ku ofesi ya msonkho imene ili pafupi. Safunsa anadya phula. Gawo lotsatira lidzafotokoza za kalembedwe ka buku la ngongole, limene lagwetsa magolosale ambiri kuposa msonkho.