Bwana woopedwa sali bwana wolemekezeka: phunziro la ku Thambani

Pali mawu ena achingerezi amene alowa m'maofesi athu, ndipo achinyamata ofuna kukwezedwa pantchito awagwira ngati chithumwa. Akuti executive presence. Pachathu tingangoti kulemera kwa munthu, kanthu kaja kamene kamachititsa kuti wina akalowa m'chipinda anzake akhale bwino pa mipando n'kutchera khutu. Katswiri wina wa zachuma, mayi Sylvia Ann Hewlett, adalemba buku la nkhaniyi mu 2014. Iye adati kulemeraku kumakhala pa mafuwa atatu: khalidwe lokhazikika, kayankhulidwe ndi maonekedwe. Mwa atatuwa, fuwa lalikulu ndi khalidwe, ndipo maonekedwe ndiwo aang'ono.

Vuto lathu kuno n'lakuti tidayambira kumchira. Tidatenga suti ndi nkhope yamasinya n'kumati ndiwo utsogoleri. Ndipo si zodabwitsa, pakuti tidali ndi mphunzitsi waluso kwa zaka 30.

Tinene zoona, pa maonekedwe panalibe wofanana ndi Dr Hastings Kamuzu Banda. Suti ya mapisi atatu ngakhale dzuwa liswe mtengo, chipewa cha Wilson, magalasi akuda, litchowa m'manja. Pamsonkhano ankayankhula Chingerezi, wina ngati John Msonthi n'kumatanthauzira. Akafuula kuti "Kwacha!" bwalo lonse linkagwedezeka. Mu 1971 adakhala pulezidenti wamuyaya, ndipo mu 1973 lamulo la kavalidwe lidaletsa amayi mathalauza ndi masiketi aafupi. Dziko lonse lidaphunzira kuti munthu wamkulu amaoneka chotani, ndipo kuti akamayankhula ena onse amakhala duu.

Koma kodi chete ameneyo adali ulemu kapena mantha? Yankho lili ku Mwanza, pa msewu wopita ku Thambani, kufupi ndi malire a Mozambique.

Mu Meyi 1983 kumeneko kudapezeka mitembo ya akuluakulu anayi: Dick Matenje, mlembi wamkulu wa chipani cha MCP, Aaron Gadama, nduna ya chigawo chapakati, Twaibu Sangala, nduna ya zaumoyo, ndi David Chiwanga, phungu wa ku Chikwawa. Pa mkumano wa aphungu chaka chomwecho ku Zomba, ena mwa iwo adali atadzudzula kusakaza ndalama za boma. Anthu adauzidwa kuti anayiwa adafa pa ngozi ya galimoto. Ambiri adadziwa kuti ndi bodza, koma ndani akadatsegula pakamwa? Padatenga zaka 11 kuti boma la Bakili Muluzi likhazikitse bungwe lofufuza mu 1994, motsogozedwa ndi Jaji Harry Mtegha. Bungwelo lidapeza kuti anthuwa adaphedwa ndi apolisi, ndipo ngozi ija idali yongokonza. Kamuzu ndi John Tembo adazengedwa mlandu, koma mu Disembala 1995 bwalo lidawapeza osalakwa.

Mlandu udatha kukhoti, koma funso lidatsala. Ngakhale titavomera kuti mkuluyo sadalamule, ndi utsogoleri wamtundu wanji umene nduna zitatu ndi phungu angafe chotere, dziko lonse n'kukhala chete zaka 11? Mtsogoleri amene anthu amanjenjemera akamuona amatha n'kukhala munthu wosadziwa kanthu m'nyumba mwake momwe, chifukwa aliyense amamubweretsera zokhazo zokoma m'khutu. Ndiye chifukwa chake kalata ya maepiskopi a Katolika ya pa 8 Malichi 1992 idagwedeza dziko. Simudali zachilendo m'kalatamo ayi. Mudali zomwe aliyense ankanong'ona kuseri, kungoti tsopano zidawerengedwa mokweza m'matchalitchi.

Abale anga, musaganize kuti nkhaniyi idatha ndi riferendamu ya pa 14 Juni 1993. Tili ndi timangwazi ting'onoting'ono m'maofesi, m'masukulu, m'mabungwe, ngakhale m'makomiti a kutchalitchi. Mudzawadziwa msanga. Galimoto yawo ikangolowa pageti, kuseka konse kumatha. Mlembi amayankha monong'ona mukafunsa ngati bwana alipo. Pamsonkhano amayankhula okha maola awiri, kenaka n'kufunsa kuti, "Pali wotsutsa?" Onse: "Ayi bwana, zili bwino bwana." Msonkhano ukatha, zoona zimakanenedwa kuseri kwa ofesi pa nthawi ya tiyi. Tsiku limene kampani yagwa, bwanayo ndiye womaliza kumva, eti n'kumadabwa kuti bwanji palibe adamuuza.

Wachinyamata amene waona zotere amaganiza kuti njira yokwera ndi yomweyo. Amagula jekete pa ngongole, amasintha kayendedwe, amaleka kupatsa moni mlonda, amayamba kuyankhulira m'mphuno. Aaa, mbale wanga, ng'oma yolira kwambiri sichedwa kung'ambika.

Makolo athu adali kale ndi muyeso wa kulemera kwa munthu. Adati akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Taonani mfumu yodziwa ntchito pabwalo la milandu. Siyamba ndiyo kuyankhula. Imamva wodandaula, imamva woyankha, imasiya nduna zake zifunse mafunso, ndipo ikatsegula pakamwa pamapeto mawu ake amakhala ochepa koma okhoza. Anthu amachoka pabwalo mitima itazizira. Kulemera kwenikweni n'kumeneko.

Tsono inu ofuna kukwezedwa, yambirani apa. Valani zoyera ndi zositidwa, zimenezo n'zokwanira. Palibe adakhala manijala wabwino chifukwa cha tayi. Musalowe mumsonkhano musadawerenge mapepala ake, pakuti munthu wodziwa manambala a ntchito yake safunika kukweza mawu. Mukapatsidwa mpata nenani mfundo yanu mwachidule, mukatha khalani chete. Zinthu zikavuta, ndalama zasowa kapena katundu sadafike, musayambe ndi kusaka woti mumukalipire. Funsani chachitika n'chiyani ndipo tichite chiyani. Anthu amakumbukira nkhope ya mtsogoleri pa tsiku loipa kuposa pa tsiku la phwando. Ndipo phunzirani kuuza bwana wanu zoona mwaulemu, pa awiri, muli ndi umboni m'manja. Bwana wanzeru amadziwa kuti wakutsina khutu ndi mnansi.

Kwa inu amene muli kale pa mipando yozungulira, funso ndi limodzi lokha. Ndi liti pamene wantchito wanu adakuuzani pamaso kuti, "Bwana, apa mwalakwitsa," ndipo chidamuchitikira n'chiyani pambuyo pake? Ngati simukukumbukira tsiku lotero, musadzinamize kuti simulakwitsa. Anthu anu angophunzira kukhala chete.

Ku Thambani kuli chipilala chokumbukira anthu anayi aja. Ndikadakonda kuti amene amaphunzitsa za utsogoleri m'mahotela a ku Mangochi ndi ku Salima tsiku lina adzatengere ophunzira awo kumeneko, akaime pamalopo kanthawi, asanayambe kukambirana za mtundu wa suti yoyenera bwana.