Phula la nkhosa, madeya ndi ufa

Chaka china malume anga adakolola matumba 30 a chimanga. Tsiku losoka matumbawo, akazi awo adawakumbutsa za mankhwala a anankafumbwe. "Abambo, tisanasoke tithire kaye." Malume adaluma njere imodzi, idalira kuti khwa, ndipo adati, "Chauma bwino ichi. Ndalama imeneyo tigulira sopo ndi mchere." Pofika mu Disembala, ukatsamiza khutu pa thumba unkamva kanthu kakuchekecha mkati, ukapisamo dzanja linkatuluka litayera ndi fumbi. Mu Febuluwale adagulitsa mbuzi ziwiri kuti akagule chimanga kwa mavenda, pa mtengo wa nthawi ya njala.

Malume sadali munthu waulesi kapena womwaza chuma. Chidawagwetsa ndi kusunga komwe, kusunga kachinthu kakang'ono n'kutaya chachikulu. Khalidweli lili pa mtundu uliwonse, ndipo mtundu uliwonse udalipekera miyambi. Koma ukaika miyamboyo pamodzi, umaona kuti aliyense amaloza bala pamalo pake.

Angerezi ali ndi mwambi wofanana kwambiri ndi nkhani ya malumeyi. Umati usataye nkhosa chifukwa choumira phula la theka la kobiri. Kale abusa a ku England ankapaka phula lakuda pa chilonda cha nkhosa kuti ntchentche zisaikirepo mazira. Amene wadandaula ndi mtengo wa phulalo ankapeza mphutsi zitalowerera, nkhosa n'kufa. M'madera ena a dzikolo mawu akuti sheep, nkhosa, ankamveka ngati ship, sitima ya pamadzi, ndipo popeza phula ankamatiranso sitima, anthu adazolowera kunena za sitima yowonongeka. Lero Angerezi ambiri satchulanso nkhosa, koma phunziro lidakali lomwelo.

Mwambi wawo wina wodziwika kwambiri, umene udali kale m'mabuku a zaka za m'ma 1600, umanena za munthu wochenjera pa kobiri, wopusa pa paundi. Kulemera kwa mawuwa kumamveka ukakumbukira kuti mpaka chaka cha 1971 paundi imodzi inkakwana makobiri 240. Agogo athu a ku Malawi akudziwa bwino masamu amenewa, chifukwa nawonso ankagulira tiki ndi mashileni kufikira kwacha ndi tambala zitabwera m'chaka chomwecho. Munthu woteteza kobiri n'kutaya paundi wataya kuwirikiza ka 240. Kwa Mngerezi, tsono, cholakwa chili pa kuwerengera. Munthuyo samutcha woipa mtima. Amamutcha wopusa, wolephera kuona kuti chachikulu ndi chiti.

Tikalowera kum'mawa kwa Ulaya, kwa anthu olankhula zinenero za Chisilavo, chala chimachoka pa ndalama n'kuloza munthu mwini. A ku Russia amati woumira amalipira kawiri. Mawu atatu okha m'chinenero chawo, ndipo loyamba ndi dzina la khalidwe. A ku Poland amati chytry amataya kawiri, ndipo mawu akuti chytry amatanthauza zinthu ziwiri nthawi imodzi: wochenjera mwaukathyali komanso waumbombo. M'liwu limodzilo muli chithunzi chonse cha munthu amene akuganiza kuti wapusitsa wogulitsa pamene wadzipusitsa yekha. Sikuti anthu amenewa amanyoza kusunga ayi. A ku Russia omwewo amati kopek imasunga ruble, kunena kuti kandalama kakang'ono ndiko kamateteza yaikulu, monga ife timanenera kuti pang'onopang'ono ndi mtolo. Chimene amadana nacho ndi dzanja louma.

Miyambi yawo ina idabadwira kukhitchini ndi kumsika. Ku Poland amati nyama yotchipa amadya ndi agalu, pamene ku Bulgaria amapitirira apo, amati ngakhale agalu saidya. Ku Russia amati chodula n'chokoma mtima, chotchipa n'chowola. Koma umene umandifika pamtima ndi wa ku Bulgaria ndi ku Serbia, wonena za munthu wodula pa madeya, wotchipa pa ufa. Iwo amanena za tirigu, koma mayi aliyense amene adapitapo kuchigayo aumva popanda womumasulira. Tonse tidamuonapo munthu wokangana ndi mnzake chifukwa cha kambale ka gaga, pomwe nthawi yokolola adagulitsa theka la nkhokwe pa mtengo wolira. Angerezi adayeza kupusaku ndi makobiri, Asilavo akummwerawa adakuyeza ndi chakudya cha m'nyumba.

Nanga kwathu kuno? Pa nkhani ya katundu wonyenga maso sitisowa chonena: chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Mwambiwu umakwanira pa nsapato zonyezimira zomatuka mvula yoyamba, ndi pa tchaja ya foni yotchipa yomwe imapsereza foni yodula. Koma tikafika pa munthu woumira, makolo athu adaona kutaya kwa mtundu wina kumene miyambi ya ku Ulaya ija siikutchula. Adati kupatsa n'kuika. Kwa iwo nkhokwe yeniyeni ya munthu idali anansi ake. Wokolola zambiri n'kumana mlongo wake dengu limodzi wasungadi dengulo, koma chaka chimene munda wake udzakanike adzapeza makomo otseka. Wothawa chopereka cha pamaliro wasunga ndalama yake, koma tsiku la zovuta pakhomo pake adzukulu adzabwera mozengereza. Mngerezi amataya paundi, wa ku Russia amalipira kawiri, koma woumira wa kwathu amataya anthu, ndipo anthu sagulidwa kawiri.

Pali mawu ena amene amamveka ku Russia ndi kwa anthu a ku Czechia, omwe eni ake nthawi zambiri amati adachokera kwa Angerezi: sindine wolemera kuti ndizigula zinthu zotchipa. Ndi nzeru yoona, koma ndimaigwira mosamala, chifukwa imayenera munthu amene ali ndi posankha. Mayi wa ku Ndirande kapena ku Mtandire amene amagula kajumbo ka ufa ka walkman madzulo alionse, ndi mafuta ophikira oyezedwa m'kapulasitiki, akudziwa bwino lomwe kuti thumba lathunthu likadamutchipira. Masamu ake ndi olondola kuposa a ambiri a ife. Chimene alibe ndi ndalama yokwana thumba pa tsiku limodzi. Iyeyu amalipira kawiri, mwinanso katatu, osati chifukwa cha umbombo koma chifukwa umphawi ndi wodula. Kumuponyera mwambi wa woumira n'kumuthira tsabola pabala.

Choncho miyambi yonseyi, ya ku London, ya ku Moscow, ya ku Sofia ndi ya kwathu, ili ndi mwini wake. Mwini wake ndi amene ndalama ya phula ali nayo m'thumba koma akuiumira. Ndi mwini minibasi wokana kugula matayala atsopano. Ndi womanga nyumba amene amachepetsa simenti m'maziko kuti apente khoma. Ndi bambo wogula theka la mankhwala a malungo poti mwana wayamba kale kusewera. Ndi aliyense wa ife pa tsiku limene kandalama kakang'ono kakutiwawa kutulutsa kuposa mmene chinthu chachikulu chikutiopsera kutaya.

Malume adaphunzira ndi mbuzi ziwiri. Chaka chotsatira, chimanga chisanachoke n'kumunda komwe, botolo la mankhwala lidali litakhala kale pa shelefu. Ndipo m'miyezi ya njala ija, mbuzi zisanapeze wogula, amene adawasunga ndi mlamu wawo, yemwe malume adamugawirapo mbewu zaka ziwiri m'mbuyomo. Zimene adaumira zidadyedwa ndi anankafumbwe. Zimene adapatsa mnzawo adazipeza zili bwinobwino.